Galimoto Ziwiri pa Mtsinje wa Kamwazi

Atate anga, a Andireya Miti, anasiya mawu achidule okhudza maliro awo. Anati akaikidwe kwawo kwa Chadzombe, ku Chipangali, ndipo apite pa galimoto yawo. Za bokosi, za nyimbo, za amene adzalalike, sananenepo kanthu. Amama analonjeza m'chipatala momwemo pamaso pa anthu a mphakati wathu wa kutchalitchi, ndipo Amama akalonjeza nkhani imakhala yatha.

Galimotoyo inali yakale kuposa ukwati wawo. Inabwera ndi ansembe a ku mishoni atate ali mnyamata wowayendetsa, ndipo ansembe atatopa nayo atate anaitenga. Inali yobiriwira ngati tsamba la fodya, ya denga la tenti, matayala ake owonda, tayala la sipeya litakhala paboneti ngati chipewa. Pansi pafupi ndi mwendo wa dalaivala panali ndodo zitatu za magiya. Mkati mwake munalibe chinthu chimene munthu sangachimvetse atachiyang'ana kawiri. Inanyamula thonje, mtedza, akwati, odwala ndi mbuzi, nthawi zina pa ulendo umodzi.

Achimwene anga a Gideon amagwira ntchito kubungwe lina lokumba zitsime, ndipo bungwelo linawapatsa galimoto yatsopano ya m'tchire. Iyi inali yoyera, yayitali, yonenepa matayala, yosamveka ikamalira. Pakati pa mipando panali kachitsulo kozungulira kokhala ndi zithunzi za mchenga, matope ndi miyala, ndipo munthu ankangosankha mavuto amene akufuna kukumana nawo. Inali ndi makamera mbali zonse.

Lamlungu lililonse tikachoka ku Misa, pakhonde pathu ku Kapata, m'tauni ya Chipata, pankakhala mlandu wa galimoto ziwirizi. Atate ankati galimoto imene imaganiza m'malo mwa dalaivala tsiku lina idzamufunsa laisensi. A Gideon ankati ya atate ndi wilibala imene inaphunzirako pang'ono. Atate ankati yawo ikafa imadzutsidwa ndi waya ndi sipanala pansi pa mtengo uliwonse. A Gideon ankayankha kuti yawo siifa n'komwe. Ine Tamiwe, amene ndinawerenga masamu ku Lusaka, zinkandinyansa kuona anthu awiri anzeru akukangana zaka ndi zaka pa funso limene likanatha ndi msewu umodzi woipa. Ndinkawauza kuti azitengere zonse ziwiri kumatope tione. Onse ankavomera, koma tsiku silinkapezeka.

Linapezeka mu Febuluwale, mvula itagwa osapuma mpaka kukokolola mlatho wa pamsewu waukulu wopita kwa Chadzombe. Abale ambiri anali atatsogola kale, ena pa njinga, ena pansi. Adzukulu anali atakumba manda ndipo anaimba foni kunena kuti madzi ayamba kutuluka pansi pa dzenje, thupi lifike tsiku lomwelo. Njira imene inatsala inali yakale ya malole a thonje, yowoloka mtsinje wa Kamwazi popanda mlatho.

Tisananyamuke kutchalitchi, azakhali a Elesi, mlongo wamkulu wa atate, anaitana msuweni wathu Bizwell amene ankayendetsa galimoto yakaleyo. Anamukumbutsa mwambo wa kwawo, ife tonse tikumva. Maliro akanyamuka sabwerera m'mbuyo ngakhale phazi limodzi, ndipo satulidwa pansi panjira. Anati munthu wobwezedwa amasokonezeka, sadziwanso kumene akupita, ndiye amatsala m'njira kuvutika ndi kuvutitsa otsala. Ananena zimenezi korona ili m'manja, ndipo kwa iwo panalibe chotsutsana. Bizwell anali akudziwa kale. Anali ataimika galimoto moyang'ana kugeti kuti asafunike livesi potuluka.

Tinanyamuka nyale zili zoyaka, monga amayendera maliro. Yakale inali patsogolo ndi bokosi, azakhali atakhala pambali pa Bizwell, azibambo a mphakati atapanikizana kumbuyo mbali zonse za bokosilo. Amama ndi ine tinakwera ya a Gideon. Titasiya tala wa ku Lundazi tinalowa msewu wafumbi umene tsopano unali phala lofiira, ndipo apa ndi pomwe ndinayamba kuziona galimotozi bwinobwino.

Yakale inkayenda ngati ng'ombe yodziwa khola. Inkapendama uku ndi uku, utsi wakuda ukutuluka, matayala ake owonda akudula matope mpaka kukapeza nthaka yolimba pansi. Bizwell ankalimbana ndi chiwongolero ndi mapewa onse. Ife kumbuyo tinkangoyandama. Ndinali ndi kapu ya tiyi m'manja ndipo sindinataye ngakhale dontho. Ndinachita manyazi kukhala bwino chotero atate akugwedezeka patsogolo pathu, koma ndinaganizanso kuti iwo akanakana kusinthana nafe.

Kamwazi tinaupeza wofiira, wotambasuka kuposa mmene ndinkaukumbukira, koma madzi anali a m'maondo. Kumtunda, kumapiri kumene umachokera, kumwamba kunali bii. Bizwell anatsika, anayenda m'madzi ndi ndodo kufufuza pansi, n'kuizika ndodoyo m'mphepete kuti tizionera ngati madzi akukwera. Kenako anakoka imodzi mwa ndodo zitatu zija, ya giya yamphamvu, n'kulowa pang'onopang'ono, madzi akupatukira mbali ziwiri. Anadutsa pakati bwinobwino. Atatsala pang'ono kufika tsidya, mphuno ya galimoto inagwera pansi ndi phokoso la chitsulo chomenya mwala.

Madzi anali atakumba dzenje pamene kale panali mchenga, ndipo chitsulo chogwira matayala akutsogolo chinakodwa kuseri kwa mwala waukulu wosalala. Injini inkalirabe. Bizwell anayesa kupita patsogolo, matayala onse anayi anazungulira, galimoto osasuntha. Dalaivala aliyense amadziwa chochita pamenepo, ndipo dzanja lake linapita lokha pa giya ya livesi. Ife tinkaona kudzera pagalasi lakumbuyo la galimotoyo. Dzanja la azakhali linagwira mkono wake, ndipo Bizwell anaisiya giyayo pomwepo.

Tonse tinalowa m'madzi kukaona, kupatula Amama amene anaima pagombe ndi azakhali amene anatsala pampando wawo. A Gideon anafotokoza modekha kuti akhoza kumanga chingwe kumbuyo n'kuikoka pang'ono chabe, kutalika kwa mkono, kuti ipeze njira ina yozungulira mwalawo. Azakhali anati mkono ndi m'mbuyo ndithu. Mmodzi wa azibambo anati atsitse bokosi, galimoto ibwerere yokha. Azakhali anafunsa kuti bokosi litulukira kuti, poti khomo lili kumbuyo, kuyang'ana ku Chipata. Wina anati achotse tenti alitulutsire m'mbali n'kulisenza. Koma pambali pa galimoto madzi anali a m'chiuno, othamanga, pansi poterera, bokosi linali la mukwa, ndipo wamng'ono mwa azibambowo anali ndi zidzukulu. Palibe amene anafuna kukhala munthu amene anagwetsa a Miti mu Kamwazi.

Ndikuvomera kuti mbali ina ya mutu wanga, imene sidziwa chisoni, inali itayamba kale kusanja nkhaniyi ngati funso la mayeso. Katundu sayenera kubwerera, sayenera kukhudza pansi, ndipo chomunyamula chingatuluke pokhapokha chitabwerera. Sindinapeze yankho.

A Gideon anati ngati kumbuyo n'koletsedwa, aikoka kuchokera kutsogolo. Kuti atero anafunika kuwoloka, koma njira inali itatsekedwa ndi galimoto ya atate. Kunatsala kumunsi kwake, kumene mtsinje umadutsa pa miyala ikuluikulu yonga ng'ombe zogona. Ngakhale ngolo sizidutsa kumeneko. Anatiuza Amama ndi ine kuti tikwere.

Anazungulitsa kachitsulo kaja kufika pa chithunzi cha miyala, n'kudina batani lina. Galimoto inapuma mpweya pansi pathu ndipo tinakwera m'mwamba, mmene imadzukira ngamila pa zithunzi. Pagalasi la pakati panaoneka miyala imene inali pansi pa boneti penipeni, ngati kuti chitsulo chonse chasanduka madzi. Tinalowa mumtsinje. Pansi panayamba kumveka kugogoda kofulumira, uku ndi uku, ndipo ndinazindikira kuti tayala lililonse likuyenda palokha. Lina linkazungulira, lina n'kuima, lina n'kuyesa pang'ono n'kusiya, ngati munthu wakhungu wofufuza masitepe ndi chala cha kuphazi. Pena tayala lakumanzere linalendewera m'malere, ine ndikuyang'ana pansi pa madzi othamanga, koma galimoto sinachite mantha. Inangopereka mphamvu kwa atatu otsalawo n'kupitiriza.

“Gideon, ukuyendetsa ndiwe?” anafunsa Amama.

A Gideon anakweza maondo onse awiri kuti Amama aone kuti mapazi sakuponda chilichonse. Amama anayang'ana mapaziwo nthawi yaitali, kenako anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Ine ndinaphunzira pang'ono za mmene makina otere amawerengera kuterera kwa tayala kambirimbiri pa kuphethira kumodzi, ndipo ndinkaganiza kuti kudziwa kumachotsa kudabwa. Kunawonjezera. Penapake kutali anthu amene sanamvepo za Kamwazi anakhala pansi n'kuganizira mwala uwu, kapena wina wofanana nawo kwambiri.

Titatulukira tsidya, azibambo a mphakati anali chiimire, madzi akuwazungulira m'miyendo. Mmodzi anangopukusa mutu n'kunena kuti a Miti akanaona akanapeza chonena.

Anamanga chingwe kutsogolo kwa yakale. Yatsopano inakoka, chingwe chinawongoka mpaka kufinya madzi, ndipo galimoto ya atate inabuula thupi lonse koma mwala sunalole. Bizwell anakweza dzanja kuti asiye, chifukwa chimene chikanatsatira chinali kuzula matayala akutsogolo. Nditacheuka ndinaona kuti ndodo imene anazika m'mphepete ija yatsala kansonga. M'madzi munayamba kudutsa mapesi a chimanga ndi nthambi zamasamba aawisi.

Apa kudekha kwa a Gideon kunatha. Anayenda m'madzi mpaka pawindo la azakhali, amene anali asanatsike chinyamukire ku Chipata.

“Ndiye titani, azakhali? Madzi akubwera awa. Mukufuna tiwatulutsire pagalasi lakutsogolo?”

Amene anayankha ndi Amama, kuchokera pagombe, mawu awo osakwera.

“Galasi limenelo limagona.”

Tonse tinawayang'ana. Anati chaka chimene anakwatiwa, m'nyengo yotentha, atate ankaligoneka paboneti kuti mphepo iziwaomba, ndipo ankafika ku Chipata nkhope zili fumbi lokhalokha. Bizwell anasisita m'munsi mwa galasilo n'kupeza mahinjesi awiri pansi pa utoto wa zaka zambiri. Anati iye chiyambire kuiyendetsa ankayesa ndi zokongoletsa.

Zimene zinatsatira ndimazionabe ndikatseka maso. Bizwell anatulutsa sipanala m'thumba la nsanza pansi pa mpando. Azibambo anamasula zingwe za tenti n'kuipinda. Zitsulo zokhota zimene zinkaigwira zinazuka chimodzichimodzi. Theka lakumwamba la zitseko linachoka ndi mabawuti awiriawiri. Tayala la sipeya analigubuduzira kumtunda. Mabawuti a galasi anakana poyamba, anawathira mafuta a mabuleki, anawamenya pang'ono, ndipo analira n'kulola. Galasi linawerama pang'onopang'ono n'kugona chafufumimba paboneti. Nthawi yonseyi azakhali ankapemphera korona ndipo sanaimalize. Galimoto imene inali kanyumba inasanduka thandala lathyathyathya kuyambira kumbuyo mpaka kumphuno, bokosi lili poyera pansi pa mitambo. Sipanala inali imodzi yomweyo. Amene anaipanga anaganizira munthu amene ali kutali ndi thandizo, ali ndi manja ake okha, ndipo anamusiyira khomo paliponse.

A Gideon anaima pafupi nane akuonerera. Ananena motsitsa, ngati akudziuza okha, kuti yawo ija kuti uchotse nyale imodzi uyenera kupita nayo ku Lusaka.

Kenako inafika nthawi yawo. Anapinda mipando yonse yakumbuyo ndi wakutsogolo wa pambali, n'kutsegula chitseko chakumbuyo. Anafunsa azakhali ngati galimoto yopanda maliro ingabwerere, ndipo azakhali anati yopanda maliro ikhoza kuvina ngati ikufuna. Anatsetsereka chambuyo pagombe loterera lija, maso ali pagalasi la pakati osacheuka, kulowa m'madzi, mpaka kumbuyo kwa yatsopano kunagunda mphuno ya yakale mofewa ngati mwana wa ng'ombe pa mayi wake. Anadina batani, galimoto inatsika pang'ono kuti pansi pake palingane ndi boneti.

Anayala tenti yopinda pagalasi kuti lisasweke. Azakhali anatsika tsopano, analowa m'madzi ndi nsapato zawo za kutchalitchi, n'kuyambitsa nyimbo ya maliro motsitsa. Azibambo anaimirira m'galimoto momwemo, pouma, n'kukweza bokosi. Linadutsa pamwamba pa mipando. Linadutsa pamwamba pa chiwongolero chimene manja a atate anachisalaza mpaka kuwala, ndipo pamenepo Bizwell anatembenuza nkhope. Linatsetsereka paboneti, manja akulandirana, n'kulowa m'galimoto yoyera ija. Silinabwerere ngakhale chala chimodzi. Azakhali ankayenda pambali pake, dzanja lili pa mukwa, kuti atsimikize.

Bokosi litangolowa, Bizwell ananena chimene tonse tinali titachiona. Yakale tsopano inali yopanda maliro ndipo ikanatha kukokedwa chambuyo. Koma yokhayo imene ikanaikoka inali itasenza maliro, ndipo sikanabwereranso tsidya lija kapena kutula katundu wake pagombe. Bizwell anati mwina ayese yekha livesi, poti injini ikulirabe ndipo kulemera kwachepa. Anali atayamba kale kukwera. Pamenepo tinamva kumtunda mkokomo ngati wa lole yodzaza ikutsika phiri.

“Bizwell, mwananga, tuluka m'madzimo,” anatero Amama.

Bizwell anati angozimitsa injini ndi nyale. Amama anabwereza dzina lake lokha, ndipo anatuluka.

Tonse tinakwera gombe ndi manja ndi maondo. Yatsopano inayamba kukwera ndi katundu wake, matope akuuluka. Pakati pa chitundacho matayala anataya nthaka ndipo galimoto inaima. Ndinamva azakhali akukoka mpweya. Galimoto iliyonse imene ndinakwerapo ikaima pamtunda wotero imabwerera pang'ono isanagwire, ndipo ya atate inkabwerera kwambiri kuposa zonse. Azibambo anathamangira kumbuyo kukaika mapewa. Sanafunike. Inaima nji, ngati yakhomedwa ndi misomali, madzi akukwera kumbuyo kwake. Kugogoda kuja kunayambanso pansi, tayala ili, tayala ilo, kufunafuna. Limodzi linapeza muzu wa mtengo. Inasuntha patsogolo pang'ono, n'kuimanso osabwerera, kenako inakwera yonse n'kukaima paudzu.

Madzi anafika ife titangocheuka. Sanabwere ngati khoma monga ndinkamvera anthu akunena. Mtsinje unangotupa, ukusenza mtengo wathunthu wa mkuyu ndi mizu yake, ndipo miyala imene tinadutsa ija inazimiririka ngati sinakhaleko. Madzi anakwera pa matayala a galimoto ya atate, paboneti, pamipando. Injini inatsokomola n'kukhala chete. Chiwongolero chinatsala chokha pamwamba kwa kanthawi, madzi akuchizungulira, kenako nacho chinamira. Mwala umene unaikola ndi umene unaigwira kuti isapite.

Nyale zinali zikuyakabe. Pansi pa madzi ofiirawo tinkaona kuwala kuwiri kwachikasu, kukugwedezeka ndi mafunde, kuyang'ana tsidya limene ife tinali. Ndikudziwa chifukwa chake. Ndi batire, waya ndi babu, popanda chanzeru chilichonse pakati choti chiziuze kuti zamira. Komabe a Gideon anatsika m'galimoto mwawo, anavula chipewa, n'kuima m'mphepete mpaka Amama anawagwira pamkono n'kuwakumbutsa kuti adzukulu akudikira. Pamene tinkachoka nyale zija zinali zisanazime.

Mipando inali itapindidwa, choncho tonse tinayenda pansi kumbuyo kwa galimoto, onyowa mpaka m'chiuno, kudutsa m'minda ya mtedza ndi thonje. A Gideon anaiika pa liwiro la munthu woyenda. Tisanafike tinamva kwaya ya kwa Chadzombe, ndipo anthu anatuluka kudzatichingamira. Ambiri ankayang'ana kumbuyo kwathu kufuna galimoto yobiriwira imene ankaidziwa. Amama anawauza mwachidule kuti yatsala pa Kamwazi.

Pakhomo pa manda a Gideon anaima, ndipo adzukulu anabwera kumbuyo kwa galimoto kuti asolole bokosi. Azakhali anatambasula dzanja n'kuwaletsa. Ine ndinali nditaliona vutoli kuyambira kumtsinje ndipo ndinkayembekeza kuti mwina pofika mwambo umafewa. Sunafewe. Bokosi linali litalowera kumbuyo, ndipo galasi la galimoto iyi siligona.

Koma azakhali anali ataganiza kale njira yonse ya m'minda ija. Anauza anyamata awiri kuti alowe pazitseko za m'mbali akweze bokosi pang'ono, ena awiri agwire zogwirira zakumapeto, otsala aime m'mizere iwiri kumbuyo kwa galimoto. Kenako anapita pawindo la a Gideon.

“Iwe ndi galimoto yako yoyenda yokhayi, pita patsogolo. Pang'onopang'ono, ngati mmene unachitira pa miyala paja.”

Galimoto inayamba kuyenda mopanda phokoso. Bokosi silinasunthe. Linkangotuluka poyera pang'onopang'ono pamene chitsulo choyera chinkachoka pansi pake, ndipo mbali iliyonse ikaonekera manja atsopano ankailandira. Anyamata a mkati aja anatsika m'mbali n'kugwiranso. Pomaliza galimoto inapita yokha kukaima pansi pa mtengo, ndipo atate anatsala m'malere, m'manja mwa anthu a kwawo, pamalo pomwe anafikira.

Azakhali anaika chikhatho pabokosi n'kuwerama pafupi.

“Wafika kwanu, mlongo wanga. Njira ndi iyi.”

Adzukulu anali atakapa madzi m'dzenje ndi zidebe n'kuyalamo udzu wouma. Tinawaika mvula isanayambe.